Mtengo wa Azitona wa m'Khutu la Kum'mawa

Msewu umene kuno timautcha Kachidule ndi wa makilomita atatu ndi mamita mazana anayi basi. Umapatuka pa msewu waukulu wa ku Sousse, n'kudutsa kuseri kwa nyumba zathu, kukagwera mu msewu wakale wa ku Zaghouan. Pa galimoto ndi mphindi zitatu, kupatula Lolemba m'mawa. Ku mathero ake onse awiri kuli mlatho, ndipo pafupi ndi mlatho uliwonse msewu umapinda mozungulira, kusiya kachigawo ka nthaka pakati. Tizigawo timeneti timati makutu. M'khutu la kum'mawa munali mtengo umodzi wa azitona. M'mapepala mtengowo unali wa boma, koma aliyense wa m'dera lino ankadziwa kuti ndi wa Am Chedli. Am ndi mawu aulemu amene kuno timaitanira bambo wamkulu.

Chedli ben Ammar anabadwa Lachinayi pa 3 Malichi 1949, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene inali pamene lero paima nyale yachinayi kuchokera pamlatho. Bambo awo, a Ammar, anali ndi mitengo ya azitona 62. Yambiri anabzala okha, ina anaipeza yobzala makolo awo, koma umodzi unali wakale kwambiri moti tsiku limene unabzalidwa palibe amene analilemba kapena kulimva. Thunthu lake linali lopotokapotoka, la makwinya ndi timphako, ndipo amuna awiri atagwirana manja sankalikwanitsa.

Sukulu anaphunzira zaka zinayi. Zina zonse anaphunzirira pa makwerero. Disembala akayandikira, a Ammar ankatulutsa thumba la nyanga za nkhosa. Mwamuna aliyense ankavala nyanga zitatu ku zala zitatu, kukwera, n'kuyamba kupesa nthambi monga mayi amapesera tsitsi la mwana. Zipatso zinkayoyokera pa nsalu zoyala pansi, pamene akazi ankakhala akuchotsa masamba ndi tizitsotso. Kumenya mtengo ndi ndodo, kapena kuuvulaza mwa njira iliyonse, unali mlandu m'munda umenewo.

Lachinayi pa 21 Ogasiti 1975 anakwatira a Mbarka, mwana wa wophika buledi wa kutsidya kwa khwawa. A Mbarka sanakwerepo makwerero chikhalire. Malo awo anali patsinde pa mtengo wakale uja, lichero lili pamiyendo, kamtsuko ka madzi akumwa kakulendewera kumthunzi pamwamba pa mutu wawo.

Oyeza malo anafika Lachiwiri pa 6 Okutobala 1987 ndi zikhomo zawo zofiira. Akatapila analowa m'mundamo Lolemba pa 11 Januwale 1988, ndipo pofika Lachinayi mitengo 61 inali gonegone, mizu m'mwamba. Wakale uja unapulumuka pa chifukwa chaching'ono. Pa chithunzi cha msewu, pakati pa khutu panalibe chomanga, ndipo kapitawo ankafuna mthunzi wodyerapo nkhomaliro. A Ammar anaonerera masiku anayi onsewo ataima pamalire, manja kumbuyo. Anamwalira pa 2 Meyi chaka chomwecho. Kutatsala masiku atatu anaitana mwana wawo n'kumuuza kuti, "Watsala uja uziudulira. Usadikire kuti a boma akaudulira."

Banjalo linasamukira m'nyumba zatsopano za kuseri kwa msika. Msewu unatsegulidwa pa 12 Juni 1990, ndipo pa 3 Sepitembala Am Chedli analembedwa ntchito yosamalira maluwa a m'mbali mwake. Anagwira ntchitoyo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, atavala chovala chonyezimira, akukoka paipi kumbuyo kwa galimoto ya thanki. Kachidule anamudziwa ndi mapazi. Ankadziwa ngalande imene imatsekeka mvula yoyamba ikagwa, ndi pokhota pamene malole amagwetsa katundu. Anatolapo mavwende, nsapato za phazi limodzi, mpando wa pulasitiki, ndipo chaka china, kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero cha Idi chifike, anagwira nkhosa imene inadumpha m'galimoto. Mwini wake anabwerera madzulo, n'kupeza itamangidwa patsinde pa mtengo wa azitona, ikudya udzu wa boma.

Anapuma pa ntchito pa 31 Malichi 2009, koma mtengowo sanapume nawo. Vuto linali kuwoloka. Kulowa m'khutu ndi makwerero, nsalu, lichero ndi mayi wa mawondo opweteka, magalimoto akuzungulira osalekeza, sinali ntchito ya munthu mmodzi. Apa ndi pamene ankathandiza Belgacem, mnzawo wa paubwana, woyendetsa takisi yachikasu. Chaka chilichonse tsiku lokolola, takisi ya Belgacem inkawonongeka pokhotera penipeni. Ankayatsa nyale zochenjeza, kutsegula kumaso kwa galimoto, n'kuweramira injini akupukusa mutu, magalimoto akumbuyo akuliza mahutala, mpaka banja lonse litawoloka. Ikatero takisiyo inkachira yokha. Apolisi a pamsewu ankalidziwa tsikulo, ndipo ankapezeka akuyang'ana kwina.

Chaka chabwino mtengowo unkapereka mafuta malita asanu ndi anayi, chaka choipa awiri. Oyamba ankawadya ndi buledi wotentha tsiku lomwe abwera koyengetsa, otsalawo a Mbarka ankawagawa m'timabotolo kwa anansi.

"Mafuta ako chaka chino akununkha dizilo," ankatero Belgacem.

"Ndiye bweza botolo."

"Ayi, ndikathira mu injini."

"Injini yako ija siingazindikire chinthu chabwino. Inatengera mwini wake."

Lolemba pa 8 Febuluwale 2016 panaoneka chikwangwani pafupi ndi mlatho wa kum'mawa. Malole opita ku nyumba zatsopano zosungiramo katundu anali atachuluka, ndipo khutu linkayenera kukulitsidwa. Patatha masiku awiri, Am Chedli anapeza thunthu la mtengo wawo litamangidwa kansalu kapulasitiki kofiira. Anakayang'ana kanthawi, osakakhudza. Kenako anabwerera kunyumba, kuvala jekete ya ku ukwati, n'kupita ku kaofesi kamalata kamene omanga msewu anaika pansi pa mlatho.

Woyang'anira ntchitoyo anali injiniya wamkazi, wachitsikana, dzina lake Wided.

"Khalani apa, Am Chedli. Dzina lanu ndalimva kale. Antchito akuti ndinu eni khutu."

"Khutu ndi la boma, mwana wanga. Ine wanga ndi mtengo."

"Nawonsotu ndi wa boma."

"Boma linaudulirapo liti?"

Wided anaseka, n'kutambasula chithunzi patebulo. Anawaonetsa mzere wabuluu wodutsa pakati penipeni pa khutu. Imeneyo inali ngalande ya simenti.

"Siingakhote pang'ono?"

"Ikakhota, madzi a mvula adzasefukira pa tala, ndiye ine mudzandipeza kukhoti."

Am Chedli anayandikitsa nkhope pa pepalalo, chifukwa maso awo onse awiri anali ndi ng'ala, ndipo mizere inkawaonekera ngati utsi.

"Ndiye tiusamutse," anatero.

"Mtengo wa msinkhu umenewo?"

"Azitona amasamuka. Bambo anasamutsa iwiri mu 1961, yonse inagwira. Umaudulira mpaka kutsala thunthu ndi zitsa za nthambi. Umakumba motalikira kuti mizu ipite ndi dothi lake. Koma chachikulu n'chimodzi. Usanauzule, umalemba mzere wa njereza mbali yoyang'ana dzuwa la masana, ndipo kumene ukupitako mbali imeneyo iyang'anenso dzuwa lomwelo."

"Ukautembenuza?"

"Khungwa limene lakhala kumthunzi moyo wake wonse ndi lanthete. Mtengo ulibe masamba odzifunditsa. Dzuwa la Julayi likalipeza limaliwotcha, limang'aluka, basi watha."

Wided sanalonjeze kanthu. Koma Lachitatu pa 24 Febuluwale anaimba foni. Khutu la kumadzulo linalibe chomanga, munali minga ndi majumbo ouluzika basi. Kireni, chigalimoto chonyamulira mapaipi a simenti chija, inkapezeka m'mawa umodzi wokha, Lachinayi pa 17 Malichi, naini koloko.

"Koma ukafa musadzanditchule, Am Chedli."

"Ukafa ndidzatchula ndekha dzina langa."

Anadulira masiku atatu, kuyambira pa 7 Malichi, Belgacem atagwira makwerero n'kumadandaula kuti akutaya makasitomala chifukwa cha nkhuni. Lachitatu pa 9, nthambi zonse zili pansi, Am Chedli anasungunula njereza m'chitini n'kukhala pamwala kudikira masana. Kuno dzuwa la masana limakhala kummwera. Chithunzithunzi cha thunthu chitafupika mpaka kulekeza, anapita mbali yowala n'kulemba mzere umodzi woyera, waukulu ngati chikhatho, kuchokera m'chiuno mpaka pamizu.

Lolemba pa 14 Malichi anapita kuchipatala mumzinda kukachotsa ng'ala ya diso lamanzere. Tsikulo analiyembekeza kuyambira Okutobala, ndipo kulisintha kukanatanthauza kudikiranso chaka. Anabwerako diso litamatidwa thonje, ndi malamulo atatu: asawerame, asanyamule kanthu, asapite pafumbi.

Chaka chilichonse, chikondwerero cha ufulu cha pa 20 Malichi chikayandikira, antchito a khonsolo amayenda ndi ndowa za njereza kupaka miyala ya m'mbali mwa misewu ndi mathunthu a mitengo, kuti akuluakulu akamadutsa aone poyera. M'khutu sankalowamo, chifukwa cha magalimoto. Koma chaka chimenecho omanga msewu anali atatsegula kanjira kolowera. Lachiwiri pa 15 Malichi antchitowo analowa, atauzidwa kuti mtengo uliwonse kuyambira mlatho mpaka mlatho uyere. Anapeza thunthu la mzere umodzi, n'kuganiza kuti mnzawo wina waulesi anayamba ntchito n'kuisiyira panjira. Anaimaliza bwinobwino, kuzungulira konse, kulowetsa burashi m'makwinya monse, kawiri.

Lachinayi, hafu pasiti eyiti, takisi ya Belgacem inaima pafupi ndi khutu la kum'mawa. Am Chedli anali kutsogolo, atavala magalasi akuda pamwamba pa thonje. A Mbarka anali kumbuyo. Anabwera, monga ananenera okha, kudzaonetsetsa kuti munthu wina asawerame.

Pamene panali mtengo panali dzenje.

Am Chedli anatuluka n'kuima m'mphepete mwake. Munali mizu yodukaduka ndi madzi pang'ono pansi. Wantchito wina wovala chipewa cholimba anafotokoza kuti apolisi analola kutseka msewu isanakwane seveni kokha, motero kireni inayamba sikisi. Mtengo unali utapita kale.

"Wakwera lole osalipira, ife tikudikira pano," anatero Belgacem. "Lowa, mdala, tiuthamangire."

Anayenda Kachidule yense. Kudutsa pansi pa mlatho wa oyenda pansi, kudutsa maluwa amene Am Chedli anabzala ndi manja awo mu 1994, mpaka khutu la kumadzulo. Ali patali anaona chinthu choyera chikulendewera m'malere. Am Chedli anayesa kuti ndi diso likuwanamiza.

Mtengowo unali pa malamba awiri, mizu yake itakulungidwa m'ziguduli zonyowa, pamwamba pa dzenje latsopano. Unali woyera mbuu kuyambira pamizu mpaka pamwamba. Zitsa za nthambi zimene anazisiya dala, kutalika ngati mkono, zinali zitachekedwa mpaka pathunthu, kuti lole idutse pansi pa mlatho wa oyenda pansi.

Wided anawachingamira, chipewa chili m'manja.

"Am Chedli, ine ndinali kuno kukonzetsa dzenje. Ndauona utafika kale. Akuti anaupaka ndi a khonsolo, Lachiwiri. Kapitawo ankayesa kuti mwapaka ndinu."

"Palibe amene anaona mbali imene unayang'ana?"

"Ndafunsa onse. Wina akuti uku, wina akuti uko. Pokweza unazungulira, potsitsa unazunguliranso."

Woyendetsa kireni, bambo wonenepa dzina lake Ridha, anasuzumira pawindo, buledi wa nsomba ali m'manja. "Hajji Chedli, teni koloko ndikufunika kumapaipi. Ingolozani, ine nditsitsa. Mtengo ndi mtengo, ulibe nkhope."

"Iwe ndiye ulibe nkhope," anayankha Belgacem. "Idya buledi wakoyo."

Wided anayankhula motsitsa mawu. "Njereza imeneyi siitchinjiriza dzuwa? Mwina zatithandiza."

"Mvula ya Epulo idzaitsuka. Ndikapakanso, ya Meyi idzatsukanso. Ndipo ine sindidzadziwa mbali imene ndikutchinjiriza."

Anayamba kuzungulira mtengowo. Diso limodzi linali lotseka, linalo linkaona ngati m'nkhungu. Anaika dzanja pathunthu, njereza n'kutsalira m'chikhatho. Anafuna nthambi yaikulu imene inkaloza phiri, imene ankatsamiritsapo makwerero, koma pamalo pake panali bala lathyathyathya lofanana ndi mabala ena asanu. Anafuna nthambi ya mphanda imene bambo awo ankakolekapo jekete. Nayonso kunalibe. Anazungulira kachiwiri, kachitatu. Mtengo umene anabadwira pafupi nawo, umene anaukwera nyengo zoposa makumi asanu, unali ngati munthu wometedwa mpala amene wafunda nsalu yoyera.

"Mwina uku," anatero, n'kugwira mbali ina. Kenako anachotsa dzanja. "Ayi. Sindikudziwa."

Mawu amenewo anawanena motsitsa, koma onse anamva. Ridha anayang'ana wotchi. Inali naini twente.

A Mbarka anali chikhalire m'takisi, chitseko chili chotsegula, miyendo ili panja. Palibe amene anawafunsa kanthu.

"Belgacem," anaitana. "Tabwera undigwire dzanja."

Anayenda pang'onopang'ono pa zibuma, akukoka mwendo wamanja, mpaka anafika m'mphepete mwa dzenje. Anayang'ana Ridha.

"Mwana wanga, tautsitsa pang'ono. Usafike pansi. Ufike monga umakhalira ukaima."

Ridha anayang'ana Wided. Wided anagwedeza mutu. Mtengowo unatsika mpaka mizu inalowa m'dzenje, thunthu n'kulingana ndi anthu.

"Mbarka, uchoke apo, ungagwere m'dzenje," anatero Am Chedli.

"Inu khalani chete, ndipo musawerame."

Anapempha kuti antchito awiri auzungulitse pang'onopang'ono ndi zingwe. Iwo anaima malo amodzi, dzanja lili pathunthu molingana ndi phewa lawo, zala zikulowa m'khwinya lililonse limene linkadutsa. Loyamba analisiya. Lachiwiri analowetsamo dzanja mpaka pamfundo, n'kulisiyanso. Pa lachinayi anati, "Imani." Anatulutsa kiyi wa kunyumba amene amamumangirira pa ngodya ya mpango, n'kuyamba kupala njereza m'kati mwa kamphako. Panamveka kulira kwa chitsulo pa chitsulo.

"Kumpoto ndi uku," anatero.

Wided anasuzumira. M'kamphakomo munali mutu wa msomali waukulu, wadzimbiri, wotuluka pang'ono ngati nsonga ya chala. Wina wonse khungwa linali litaumeza.

Am Chedli anafika n'kupapasa. Anaugwira kanthawi.

"Msomali uwu wachokera kuti?"

"Kwa bambo anga, pachitseko cha uvuni."

"Wakhoma ndani?"

"Mukuganiza kuti ndani? Chaka choyamba chija mayi anu anandinena kuti ndawamwetsa madzi otentha ngati tiyi. M'mawa mwake ndinabwera ndi msomali ndi mwala. Ndinakhala pansi kuyang'ana pamene dzuwa silifika kuyambira leveni mpaka thuu, n'kukhoma pamenepo."

Limenelo linali Lachiwiri pa 9 Disembala 1975, tsiku lachiwiri lokolola.

"Bambo akanauona akanakubweza kwanu tsiku lomwelo."

"N'chifukwa chake ndinakhoma m'mphako."

"Zaka makumi anayi osandiuza."

"Zaka makumi anayi mukumwa madzi ozizira. Mumati kamtsuko kaja kamalendewera pa chiyani, pa mphepo?"

Belgacem anaseka mpaka kutsokomola. Am Chedli anadzikanda kuseri kwa khutu lawo, kusiya njereza m'tsitsi.

"Sindinaganizepo," anatero.

"Inu mtengowu mumaudziwa kumutu, chifukwa mumakhala kumwamba. Ine ndakhala nawo kumiyendo."

"Khalti Mbarka," anatero Wided, kuwaitana azakhali mwaulemu, "mukanakhala pa ntchito yanga bwenzi misewu isakuchedwa."

"Ndili nayo kale ntchito, mwana wanga. Ndi iyi yaima apayi ndi diso limodzi."

Wided anatulutsa foni, n'kutsegula kampasi. Belgacem anati iye sakhulupirira kampasi ya m'foni, chifukwa ina inamulowetsa m'munda wa anthu ku Mornag, ndipo anayang'ana nsanja ya mzikiti, kuwerenga ndi mkono kuchokera kumene timayang'ana popemphera. Mkono ndi foni zinagwirizana. Antchito anakoka zingwe mpaka msomali unayang'ana kumpoto. Am Chedli anatchula dzina la Mulungu, Ridha n'kutsitsa. Inali naini fifite thuu.

Anakwirira, kupondaponda, kuumba kakhoma ka dothi kuzungulira tsinde, galimoto ya thanki n'kuthira madzi mpaka anaima. Am Chedli anafuna kutapa dothi ndi dzanja lawo, koma a Mbarka anawagwira jekete. Wided anatapa m'malo mwawo n'kuwaika m'chikhatho, iwo n'kuponya ataimirira.

Zitatero panatsala kudikira. Dokotala atawamasula, Am Chedli ankapita ku khutu la kumadzulo tsiku lachitatu lililonse, wapansi, kudzera kanjira ka kuseri kwa mpanda wa msewu. Woyendetsa galimoto ya thanki anali munthu amene anamuphunzitsa ntchito iwo omwe, ndipo sankafuna kupemphedwa kawiri. Mvula inagwa pa 11 Epulo n'kutsuka njereza theka, monga ananenera. Pansi pake khungwa linali lotuwa, losasonyeza kanthu. Epulo anatha. Belgacem anayamba kuutcha mzati wa magetsi, koma ataona kuti mnzakeyo sakuyankha, analeka.

Kunyumba Am Chedli sankautchula. Ankangobwera, kusamba m'manja, kukhala pakhonde. Tsiku lina madzulo, akumwa tiyi, anati, "Mwina ndinaudulira kwambiri."

"Mwina," anatero a Mbarka. "Mwinanso ukupuma. Inu mutasamuka mu 1988 munatha miyezi ingati musanayambe kulankhula ndi anthu?"

Lachisanu pa 6 Meyi anapitako m'mawa, asanapite kumzikiti. Diso latsopano linkaona bwino moti nthawi zina ankadabwa ndi makwinya a manja awo omwe. Anazungulira thunthu monga mwa masiku onse, kuyambira pa msomali. Mbali ya kummwera, m'mphepete mwa bala la nthambi ija inkaloza phiri, panali timphukira, tating'ono ngati mbewu za mpunga, totuwa mobiriwira. Anawerenga tisanu ndi tiwiri. Anatseka diso lakale n'kuwerenganso ndi latsopano lokha. Tinali tisanu ndi tiwiri ndithu.

Anakhala pamwala kanthawi, malole akuzungulira khutu, kenako anauyamba wobwerera. Podutsa pa kaofesi kamalata anagogoda pawindo, n'kuimika zala zisanu ndi ziwiri. Wided anali pa foni. Anaphimba foniyo ndi dzanja, n'kufunsa ndi maso. Iwo anagwedeza mutu, napitirira.

Atafika kunyumba anapeza a Mbarka akusenda nandolo.

"Waphuka."

"Mbali iti?"

"Ya dzuwa."

"Chabwino. Vulani nsapatozo, mwabwera ndi khutu lonse m'nyumba."

Mtengo wosamutsidwa suthamangira kubereka. Unatha zaka zitatu ukungomera nthambi, Am Chedli akusankha zosiya ndi zochotsa. Khutu la kum'mawa linamalizidwa, ngalande yake n'kudutsa pamene panali dzenje, ndipo Wided anatumizidwa ku ntchito ina kummwera kwa dziko. Kukolola koyamba kunachitika Lachinayi pa 28 Novembala 2019. Takisi ya Belgacem, imene tsopano inali yatsopano, inawonongeka pokhotera pa kumadzulo naini koloko, ndipo mwini wake anavutika kupeza potsegulira kumaso kwake.

Makwerero sanafunike, chifukwa nthambi zinali zikadali zofikirika. Am Chedli anatulutsa thumba la bambo awo, kuvala nyanga zitatu, n'kuyamba kupesa. Zipatso sizinadzaze lichero kawiri. Koyengetsa anadzapeza lita imodzi ndi pang'ono, ndipo kabotolo kamodzi anakatumiza kwa Wided pa basi.

Koma m'mawa umenewo, asanayambe, a Mbarka atakhala kale patsinde ndi lichero pamiyendo, Am Chedli anatenga okha kamtsuko ka madzi m'dengu. Anapita mbali ya kumthunzi, n'kuyamba kupapasa m'makwinya a thunthu, chingwe cha kamtsuko chili m'dzanja linalo.

"Kumanzere pang'ono," anatero a Mbarka osatembenuka.